Agogo Ako a Esinati Sanandilodze

Ndaziona mwana wanga,

Palibe amene anandilodza. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikawasungira kumapeto ndikhoza kusintha maganizo, umandidziwa. Kwa zaka zoposa makumi awiri anthu a kuno akhala akunena kuti ine, mtsikana woyamba wa m'mudzi muno kupita ku yunivesite, ndinabwerako chimanjamanja chifukwa mayi anga aakulu, agogo ako a Esinati, anatapa dothi la phazi langa tsiku limene ndinkanyamuka. Azinena pamjigo, azinena pamaliro, azinena ngakhale pakhomo pa tchalitchi Mawu a Mulungu asanazizire m'makutu mwawo. Iwe wakula ukuzimva ndipo wazikhulupirira. Ndi bodza. Amene ankadziwa bwino kuti ndi bodza ndi ine, ndipo ndinakhala chete.

Ndikulemba masana ano iwe uli ku Nselema komangitsa tsitsi. Pakamwa sindingathe. Pakamwa pangapa pamadziwa kulalatira munthu mpaka kuiwala dzina lake, koma kunena kuti ndinalakwa sipanaphunzire. Kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama chako. Uwerenge lero lomwe. Ukaisungira m'basi idzakhala itachedwa.

M'mawa uno ndikulongedza zovala zako za ulendo wa mawa wa kumaphunziro ndinakhudza kanthu kolimba kosokeredwa m'kati mwa chikwama, pansi pa zipi. Ulusi wakuda, kasokedwe koipa. Ndinadziwiratu kuti ndi manja a amalume ako a Jailosi. Nditawapanikiza anaulula zonse: kuti chithumwacho anakatenga kwa sing'anga, kuti wakabaza wauzidwa abwere tambala woyamba, mudzere njira ya kumunda, mukakwerere ku Ntaja m'malo mwa pa Nselema, ndiponso kuti uvalire nsapato m'nyumba, phazi lako lisakhudze dothi la pabwalo. Anati iwe wavomera zonsezi, ndipo sukatsanzika aliyense.

"Achimwene," ndinatero ine, "mwana wakhoza mayeso dziko lonse likuona, inu mukumuzembetsa ngati mbuzi yakuba?"

"Nanga inu achemwali simunakhoze?" anandifunsa. "Simunatsanzike mudzi wonse, ng'oma zikulira? Munabwerako ndi chiyani? Kamodzi kakwana."

Munthuyo amakukonda, ndipo akuchita zimene kukhala chete kwanga kunamuphunzitsa. Chithumwacho sindinachichotse. Chili pomwepo. Uyambe wamva nkhani yanga.

Tsiku limene ndinkanyamuka, a Esinati anali ataphika nyemba za kalongonda. Ukudziwa mmene amavutira, kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuwiritsanso. Anandipakulira m'mbale yachitsulo nandiuza kuti, "Idya zakwanu, uko ukadya za azungu." Kenako anagwada pafumbi nandipempherera nthawi yaitali. Ine ndinali maso ali tseguke, ndikuyang'ana kumsewu, ndikudandaula kuti andichedwetsa. Nditachoka anatenga tsache nasesa pabwalo pomwe anthu anavinirapo. Ankasesa pabwalo limenelo m'mawa uliwonse kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku limenelo anangochedwa chifukwa cha phwando. Mlandu wawo wonse ndi umenewo, Ndaziona. Anasesa.

Ndinafika ku yunivesite mutu uli m'mwamba. Kuyambira sitandade wani sindinakhalepo nambala thu, ndipo ndinkaganiza kuti nzeru ndi munda wanga wolima ndekha. Mayeso oyamba a kemisitili ndinalephera. Pepalalo ndinalipinda kanayi n'kuliponya m'chimbudzi. Anzanga ankakhala m'magulu kufunsana zimene sanamve, ine ndinkati magulu ndi a mbuli. Aphunzitsi ankati amene sanamvetse abwere ku ofesi, ine ndinkati ndipite kukaulula kuti mwana wa ku Machinga ndi wakumudzidi? Chaka choyamba ndinapulumukira pakadzenje. Chachiwiri chinandipeza ndili ndekhandekha, ndikuwerenga tsamba limodzi kasanu osamva kanthu. Umve bwino mwana wanga: ukakalephera koyamba, ndipo ukalephera ndithu, ukauze munthu tsiku lomwelo. Usakapinde pepala.

Ndinkagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wina wa ku Rumphi. Sanali wanzeru kuposa ine, ndikunena izi mpaka lero. Koma iye akalephera ankalira pang'ono, n'kugwada pambali pa bedi, n'kudzuka kukafunsa anzake. Tsiku lina anandiitana ku mapemphero a ophunzira. Ndinamuyankha kuti, "Yesu wakoyo akadziwa kemisitili undiitane." Anaseka, nati, "Sadzakulembera mayeso, koma mwina ungamagone." Anali ataona kuti sindigona, sindidya. Ndinamuda chifukwa choona. Iye anali ndi kokatula katundu wake. Ine katundu wanga ndinkamusenza ndekha: mudzi wonse, ng'oma zija, nkhuku imene mayi anga anapha, mawu a aliyense akuti uyu ndiye atichotsa manyazi. Mtsikana uja anamaliza. Ndimamva kuti ali ndi ntchito yabwino, ndipo sindinafune kudziwa zambiri.

Tsiku la mayeso omaliza chaka chachiwiri ndinakhala pa desiki, ndinatembenuza pepala, ndipo mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutulukira kukhosi. Mafunso awiri ndinkawadziwa. Ndikubwereza, awiri ndinkawadziwa bwinobwino. Koma ndinaona kuti sindipeza malikisi oyenera dzina langa, ndipo ndinasankha kusalemba kusiyana n'kulemba zapakatikati. Ndinaimirira, ndinauza woyang'anira kuti ndikupita kokataya madzi, ndinapitirira mpaka kudepoti. Mapepala atatu otsala sindinalembe. Patapita milungu ingapo kunabwera kalata yochokera kwa mphunzitsi wina wachifundo, yonena kuti ndipite ndikafotokoze chimene chinachitika, mwina pangapezeke njira. Ndinailandira ndekha ku positi ndipo palibe amene anaiona. Sanandithamangitse, Ndaziona. Ndinathawa.

Nditafika kuno sindinkalankhula. Mayi anga, agogo ako amene anatisiya aja, anandiyang'ana masiku atatu, lachinayi ananditengera kwa sing'anga wina kuseri kwa Ntaja. Bamboyo anagwedeza nsupa zake nafunsa funso limodzi lokha: "Mwanayu atachoka, ndani anasesa pabwalo?" Mayi anagwira pakamwa. Ine ndinali pamphasa, ndipo ndikuuze zoona zimene sindinauzepo munthu: ndinamva kupepukidwa. Ndinali nditalowa m'kachisimo ndili wolephera, ndinatuluka ndili wolakwiridwa. Anthu anayamba kundimvera chisoni m'malo mondiseka. Mawu amodzi okha akuti iyayi akanakwanira, koma ndinawameza.

Zimene zinatsatira wazionako mbali yake, koma sunaone poyambira. A Esinati anali otsogolera nyimbo za amayi kutchalitchi. Palibe amene anawachotsa, anthu anangosiya kuyankha akayambitsa nyimbo. Pamaliro ankaphika ndiwo, mphika wawo unkabwerera wodzaza. Mng'ono wawo weniweni, mayi anga, anamwalira osawalankhula. Ana a mayi aakuluwo anasamukira ku Liwonde chifukwa chotopa ndi dzina la ana a mfiti. A Esinati anachoka pa benchi ya kutsogolo n'kukakhala pa yomalizira, pafupi ndi chitseko, ndipo sanajombepo Lamulungu ndi limodzi lomwe. Zimenezo zinkandikwiyitsa koposa. Ndinkafuna atukwane, atemberere, achite chinachake choti ndinene kuti mwaona. Iwo ankangondipatsa moni tikakumana panjira: "Wadzuka bwanji mwana wa mng'ono wanga?" Ine ndinkayang'ana kumbali.

Ndinaganiza kuti ndikachoka kuno ndipuma. Ndinakwatiwa ndi bambo ako n'kukakhala kwawo kwa Nsamala ku Balaka, zimene akazi a kwathu sachita kawirikawiri, koma ine ndinkafuna malo amene kulibe a Esinati. Bodza linakwera nane basi. Kumeneko ndinkadzifotokoza kwa aliyense kuti ndine uja wa ku yunivesite amene anamulodza, mpaka ndinayamba kulikhulupirira theka. Ndinkaopa kudya kwa anthu. Ndinkasesa ndekha mapazi anga pakhomo. Taganiza, munthu amene anawerengapo sayansi zaka ziwiri, kuopa dothi. Tchalitchi ndinasiya, ndinkati sindingakhale pansi kumvera mlaliki wa sitandade sikisi akulakwitsa kuwerenga. Bambo ako atapita ku Joni osabwereranso ndinabwerera nawe kuno, ndipo ndinauza anthu kuti nawonso ndi mankhwala omwewo. Theka la mlanduwo ndi lawo, sindiwachotsera. Theka linalo ndi lilime langa. Ngakhale dzina lakoli ndinakupatsa ndili m'kati mwa ukali umenewo, ngati kuti khanda ndi chikwangwani cholembapo madandaulo.

Amene anandigwedeza si m'busa. Ndi Abiti Yusufu, mnzanga amene timayandikana mabenchi a kaunjika mumsika wa Ntaja. Iye nthawi ya swala, mapemphero awo achisilamu, ikakwana amasiya zonse, kaya kasitomala wagwira kale diresi m'manja. Tsiku lina chaka chatha a Esinati anadutsa ndi ndodo yawo, ine ndinatembenuka n'kuyamba kupinda zopindapinda kale. Abiti Yusufu anandiyang'ana nati, "Inu Akhristu mumandiseketsa. Mumaimba kuti Yesu wanu anagonjetsa imfa, koma mukuthawa nkhalamba ndi tsache lake. Ndiye wamkulu ndani pamenepa, Yesu kapena tsache?" Ndinamuuza kuti asamale za mzikiti wake. Anati, "Chabwino amayi a digiri," n'kupitiriza kudya chinangwa chake. Ndinamukwiyira sabata yathunthu.

Lamulungu lotsatira ndinapita kutchalitchi, koyamba m'zaka zambiri. Iwe unali kusukulu yogonera. Ndinafika mochedwa dala kuti anthu asandione ndikulowa, ndipo malo okhawo amene munthu wobisala angakhale ndi benchi yomalizira. Kunyada kwanga komwe kunandikhazika pafupi ndi a Esinati. Maso awo anali atachita kale ng'ala. Mlaliki atatchula powerenga, iwo anandigwira mkono osadziwa kuti ndine ndani, nati, "Mwanawe, kutsogoloko sindikumva, tandiwerengera pang'onopang'ono." Ndinawerenga monong'ona. Nditangoyamba anadziwa mawu anga, ndinamva dzanja lawo likulimba pamkono panga. Potuluka anangoti, "Umawerenga bwino. Udzabwerenso." Ndipo ndakhala ndikubwera. Utabwera ku tchuthi n'kundiona pa benchi ija unandifunsa kuti, "Amayi, mukukhala bwanji ndi mfiti?" Ndinakuuza kuti utseke pakamwa. Ndikanakuuza zoona pomwepo, bwenzi lero m'chikwama mwako mulibe ulusi wakuda.

Sindikunamiza kuti ndinasanduka mngelo. Ufunse wakabaza aliyense wa pa Ntaja. Koma pali chimene chinachitika, ndipo ndikufuna upite nacho. Tsiku lina nditabwerako kutchalitchi ndinatseka chitseko, ndinagwada, ndipo ndinanena mokweza mawu amene ndinawakana zaka zonsezi: Ambuye, ndinalephera, ndinathawa, ndinanamizira munthu wosalakwa. Ndinadikira kuti denga ligwe. Silinagwe. Ndinaona kuti Iye ankadziwa kale, ndipo sanali kudikira digiri yanga kuti andilandire. Chinthu chimene chinkandikhala pachifuwa kuyambira m'holo ya mayeso muja chinasuntha. Sichinachoke chonse. Lero lomwe chabwerera pamene ndikulemba. Koma tsopano ndikudziwa kokachitula, ndipo chikabwera sichilamulanso miyendo yanga. Mtendere umene ndikuudziwa ine ndi umenewo. Ena mwina ali ndi waukulu.

Panopa amayi anayi amakhala nane pa benchi yomalizira ija, onse osadziwa kuwerenga, ndipo Lachinayi masana ndimawaphunzitsa zilembo pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Ndimawakalipira, iwo amandiseka. Mmodzi analemba dzina lake mwezi watha ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ndinkaganiza kuti Mulungu anandipatsa mutu kuti anthu aziimirira ndikamadutsa. Zanditengera zaka zonsezi kuona kuti anandipatsa kuti wina amve zimene sakanamva. N'zochepa poyerekeza ndi zimene ndikanakhala, ndipo masiku ena zimandiwawabe. Koma ndikadzuka Lachinayi ndimadziwa chimene ndadzukira.

Tsono tamvera. Kuyambira uli wamng'ono ndakhala ndikukuuza kuti udzandibwezerere, udzawaonetse anthu a kuno. Mawu amenewo ndikuwabweza. Si katundu wako. Ukupita kukaphunzira za ulimi wothirira chifukwa umazikonda, ndiponso chifukwa minda ya kuno imauma tikuyang'ana. Ukaphunzire chifukwa cha zimenezo, osati chifukwa cha bala la mayi ako. Ukakhoza, uthokoze Mulungu. Ukalephera, udakali mwana wanga ndipo udakali wake, uimbe foni, tilire, ukalembenso. Ndikuopa, Ndaziona, ndikuopa kwambiri, chifukwa ndimakuona mmene umabisira pepala likakhala ndi malikisi ochepa, mmene umanenera kuti ndili bwino nsagwada zitalimba. Nkhope ndi ya bambo ako koma khosi louma ndi langa.

Ukafika upeze anthu opemphera, ndipo usadikire kuti zinthu ziyambe zavuta. Usakawayese ndi Chingerezi chawo monga ndinkachitira ine. Koma usamale. Kumeneko kuli ena ovala masuti onyezimira amene adzakugwira pamutu n'kukuuza kuti pali wachibale wako kumudzi amene wakhala pa mwayi wako, ugule madzi awo, ugule mafuta awo. Ameneyo ndi sing'anga wa kuseri kwa Ntaja yemwe uja, wangosintha zovala. Aliyense amene akukupatsa munthu woti uzimuopa ndi kumuda sakukupatsa Yesu, ngakhale atatchula dzina lake kakhumi pa mpweya umodzi. Khristu amene ndamupeza pa benchi yomalizira sanandiloze mdani. Anandiloza ine ndemwe, kenako anandimasula. Usaiwale zimenezi.

Amalume ako atangochoka m'mawa uja, ndinapita kwa a Esinati. Chaka chonse ndakhala ndikuwawerengera Mawu koma za ine ndi iwo sitinazikhudzepo. Ndinawapeza pakhonde akutsokomola, chifuwa chawo chakula. Ndinakhala pansi, osati pampando, ndipo ndinanena zonse zimene ndakulemberazi. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinkadziwa," anatero. "Unabwera ndi maso a munthu wothawa. Ndalera ana asanu ndi mmodzi, ndimawadziwa."

"Ndiye bwanji simunanene, mayi? Zaka zonsezi?"

"Ndikanati chiyani? Kuti mwana wa mng'ono wanga wanama? Mmene unalili muja ukanakadzimangirira kumunda. Ine ndinali ndi wondithandiza kusenza. Iwe unalibe."

Ndinawafunsa ngati sanandide. Anati, "Ndinakuda, usadzinamize. Zaka zitatu ndinkakutchula m'pemphero mano ali chikukutu. Tsiku loika mayi ako, atandiletsa kusambitsa thupi la mng'ono wanga, ndinauza Ambuye kuti zandikwana. Koma chidani n'cholemera, mwanawe, ndipo ine msana ndi uwu ukuuonawu." Kenako anaseka nati, "Tsono walira zokwanira, tandipatsa madzi akumwa."

Madzulo ano ndiwauza amalume ako. Lamulungu ndapempha kuti ndilankhule nthawi ya zolengeza, pamaso pa onse. Iwe udzakhala utapita, ndipo mwina ndi bwino. Anthu amene akhala akundimvera chisoni adzandiona mmene ndililimu, ndipo Abiti Yusufu adzakhala ndi zondiseka mpaka chaka chamawa.

Kwa iwe ndikupempha chinthu chimodzi, ine amene sindipempha. Usachoke mozemba. Udikire dzuwa lituluke. Chithumwa chija ulusi wake udule wekha ngati wamva zimene ndanena, lumo lili pawindo. Ine sindidula, chifukwa ndikadula ine mantha upita nawobe, ndipo kumeneko akakupezera china chosokerera. Utuluke pakhomo anthu akuona, uponde dothi la kwanu mmene ufunira, upite kwa agogo ako a Esinati, ugwade, akupempherere. Apemphera nthawi yaitali. Utsinzine, usayang'ane kumsewu, minibasi pa Nselema sizitha. Ndi chifuwa chimene ndachimva lerochi sindikudziwa ngati udzawapeze pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo sindikufuna udzamve uthenga uli kutali, iwe usanawalankhulepo ndi kamodzi komwe chibadwire.

Ukhoza kundikwiyira. Uli ndi chifukwa. Ndinakulanda agogo, ndinakupatsa mantha amene sanali ako, ndipo ndakuuza zoona kutatsala tsiku limodzi. Undikwiyire uli mfulu, kusiyana n'kundikonda uli womangidwa.

Agogo ako a Esinati ndawauza kuti ubwera mawa isanakwane seveni koloko. Sindinakufunse. Andipempha kuti ndiwachapire chitenje chawo choyera cha kutchalitchi, adzavale pokulandira. Chili pachingwe panja pano, pakati pa mabulauzi ako awiri.

Ndine mayi ako.